Kutchula Excel, Photoshop kapena QuickBooks pa dzina la kosi yanu: zololedwa ndi zoletsedwa

Mwezi sutha osandipeza munthu ndi funso lomweli. Wina watsegula kasukulu ka kompyuta m'chipinda chimodzi kuseri kwa msika, wina amaphunzitsa SPSS ndi Stata kwa ogwira ntchito m'mabungwe Loweruka lililonse, wina wajambula mavidiyo a AutoCAD ndipo akufuna kuwagulitsa pa intaneti. Onse amafunsa kuti, "Ndikalemba dzina la pulogalamuyi pachikwangwani, eni ake sadzandizenga mlandu?" Ena amabwera mochedwa, tsamba lawo la Facebook litatsekedwa kale. Ndayankha mpaka kukhosi kuuma, tsono ndalemba pano kamodzi. Ine ndine mphunzitsi wa kompyuta, ndipo pamene pakufunika loya ndinenapo.

Mukadutsa ku Biwi mumzinda wa Lilongwe mudzaona magalaja olemba kuti amakonza Toyota ndi Nissan. Palibe amadabwa nazo, chifukwa makaniko akungonena galimoto zimene amazidziwa. Koma makaniko yemweyo akapenta khoma lonse ndi chizindikiro cha Toyota, n'kudzitcha Toyota Service Centre, wayamba kuuza anthu kuti kampaniyo ndiyo yamutuma. Nkhani ya makosi ili chimodzimodzi. Dzina la eni ake mungalitchule pofotokoza chimene mukuphunzitsa. Simungalitenge kuti likhale dzina lanu, kapena kuti lioneke ngati chidindo chawo pa ntchito yanu.

Trademark ndi dzina, chithunzi kapena mawu amene kampani imadziwika nawo pa malonda. Pachichewa timati chizindikiro cha malonda. Ntchito yake ndi kuuza wogula kumene katundu wachokera. Mawu akuti nominative fair use, amene mudzakumane nawo mukamawerenga za nkhaniyi, anachokera m'makhoti a ku America, ndipo amatanthauza kutchula dzina la eni ake ponena za katundu wawo yemweyo. Anadziwika mu 1992, pa chigamulo cha mlandu umene gulu loimba la New Kids on the Block linasumira nyuzipepala za USA Today ndi Star chifukwa chofunsa owerenga kuti aimbe foni, molipira, n'kusankha woimba amene amamukonda m'gululo. Woweruza Alex Kozinski anati nyuzipepalazo sizinalakwe, ndipo anaika mfundo 3. Yoyamba, chinthucho chikhale choti simungachitchule bwino popanda dzina lake. Yachiwiri, mutenge pang'ono pokha pamene pakufunika. Yachitatu, musachite kanthu koonetsa ngati eni ake akukuthandizani kapena akuvomerezani. Chigamulo cha ku America sichimanga khoti la ku Malawi kapena la ku Zambia, koma Facebook, YouTube ndi Udemy ndi makampani a ku America, ndipo mwini dzina akadandaula kumeneko kosi yanu ikhoza kuchotsedwa musanaone n'komwe khomo la khoti.

1. Dziwani mwini wa dzinalo, ndipo werengani malamulo ake

Lembani mapulogalamu onse amene mukuphunzitsa, pambali pake mwini wake. Excel ndi Word ndi za Microsoft. Photoshop ndi ya Adobe. AutoCAD ndi ya Autodesk. QuickBooks ndi ya Intuit. SPSS ili m'manja mwa IBM kuyambira 2009, ndipo Java inapita kwa Oracle mu 2010 atagula Sun Microsystems. Makampani akuluakuluwa ali ndi tsamba lotchedwa trademark guidelines, lofotokoza mmene amalolera anthu kutchula mayina awo. Liwerengeni musanapite kwa wosindikiza. Safunsa anadya phula.

Anthu ambiri amaganiza kuti pulogalamu yaulere ndiye kuti dzina lakenso ndi laulere. Ayi ndithu. Dzina la Linux mwini wake ndi Linus Torvalds. La Python limasungidwa ndi Python Software Foundation. WordPress Foundation imakaniza kuika mawu oti WordPress m'dzina la webusaiti, ndipo n'chifukwa chake ambiri amangolemba "wp". Eni ake a Moodle ndiye okhwima kwambiri: amafuna kuti wotsatsa maphunziro a Moodle mwa malonda akhale ndi chilolezo chawo. Nthawi zina malamulo a kampani amaletsa zambiri kuposa zimene lamulo la dziko limaletsa, koma kasukulu kakang'ono kalibe ndalama zokalimbana nazo m'khoti. Langizo langa ndi loti muwatsate.

2. Dzina la sukulu yanu likhale lanulanu

Apa palibe zokambirana. Musaike dzina la pulogalamu m'dzina la bizinesi, la webusaiti, la tsamba la Facebook, la tchanelo cha YouTube, ngakhale la gulu la WhatsApp lotsatsira malonda. Mayina ngati Photoshop Academy kapena QuickBooks Training Centre amamveka ngati nthambi ya kampaniyo.

Mlandu wina wa ku England umaonetsa bwino pamene pali malire. Galaja ya Technosport ya ku London inkakonzadi BMW, koma inalemba "Technosport BMW" pa malaya a antchito ndi pa galimoto yake, ndiponso inagwiritsa mawu omwewo pa dzina lake la Twitter. Mu 2017 Court of Appeal inagamula kuti galajayo yalakwa. Oweruza anasiyanitsa uthenga wakuti "ife timakonza BMW" ndi uthenga wakuti "ife tili pa ubale wa malonda ndi BMW". Woyambawo ndi kudziwitsa, wachiwiriwo ndi kusocheretsa. Onani kuti kungogundanitsa mayina awiri popanda mawu apakati kunali kokwanira kuwagwetsa. Makhoti a ku Malawi amamvera zigamulo za ku England ngati uphungu, choncho mlanduwu ndi wofunika kuusunga m'mutu kuposa ya ku America.

Ena amandiuza kuti, "Komatu ku ofesi ya Registrar General anandilembetsera dzinalo osakana." Kulembetsa dzina la bizinesi ndi kwina, kukhala ndi ufulu pa chizindikiro cha malonda ndi kwinanso. Chikalata cha bizinesi sichikutchinjirizani kwa mwini trademark. Malawi ili ndi lamulo la Trademarks Act la 2018, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1957. Lamuloli limatetezanso zizindikiro zodziwika kwambiri, ndipo makampani akunja angalembetse zawo kuno kudzera ku ARIPO ku Harare, bungwe limene limalembetsa zizindikiro za malonda m'mayiko ena a mu Africa, kapena mu mgwirizano wa mayiko wa Madrid Protocol, umene Malawi inalowamo mu 2018. Lamulo lomwelo linatsegulanso khomo kwa inu: tsopano n'zotheka kulembetsa chizindikiro cha ntchito yothandiza anthu, osati cha katundu yekha. Polembetsa zizindikiro, maphunziro ali m'gulu 41, ndipo kulembetsako kumatha zaka 10 musanakonzenso. Ngati sukulu yanu yayamba kutchuka, lembetsani dzina lake.

3. Mangani dzina la kosi kuti lifotokoze ntchito

Dzina labwino la kosi limayamba ndi luso limene wophunzira atuluke nalo, pulogalamuyo n'kubwera ngati chida. "Kusunga mabuku a bizinesi pogwiritsa ntchito QuickBooks." "Kujambula mapulani a nyumba ndi AutoCAD." "Maphunziro a Microsoft Excel kwa oyamba kumene, ophunzitsidwa ndi Sukulu Yakutiyakuti." M'Chingerezi timawu tating'ono ngati for, with, using ndi introduction to timagwira ntchito yomweyo: timaika mpata pakati pa inu ndi eni dzina.

Lembani dzinalo monga eni ake amalilembera. Osalidula, osalisandutsa mneni, osalilumikiza ndi lanu kuti mupange liwu latsopano. Adobe imachita kunena poyera kuti safuna mawu oti "photoshopped". Pachikwangwani dzina la sukulu yanu likhale lalikulu kuposa la pulogalamu. Ndikudziwa kuti dzina la Excel ndilo limakoka makasitomala, ndipo mtima umafuna kulikuza. Likhalepo, lioneke, koma wodutsa pa msewu akangoponya diso adziwe kuti wophunzitsa ndi inu.

Kachizindikiro ka ® kamatanthauza kuti dzinalo linalembetsedwa. Ngati malamulo a kampani akupempha, kaikeni pamene mwatchula dzina lawo koyamba. Musakaike pa dzina lanu musanalilembetse.

4. Logo isiyeni

Mfundo yachiwiri ya Kozinski ija imagwira apa. Kuti munthu adziwe kuti mukuphunzitsa Excel, mawu okha akwana. Kachithunzi kobiriwira ka X ndi kowonjezera, ndipo n'komwe kamapangitsa anthu kukhulupirira kuti ndinu ovomerezeka. Microsoft imanena momveka kuti logo zake zimafuna laisensi. Vuto limachokera kawirikawiri kwa mnyamata wokonza fulaya kapena wolemba zikwangwani, amene amangotsitsa ma logo 10 pa Google n'kuwandandalika pansi pa pepala kuti likongole. Muuzeni musanamulipire, ndipo onani ntchitoyo isanasindikizidwe. Yang'ananinso malaya a aphunzitsi, chithunzi chakutsogolo kwa vidiyo, ndi mitundu imene mwapentera khoma.

5. Pali mawu amene simungalembe popanda pepala losainirana

Certified, Authorized, Official, Approved, Accredited, Partner. Liwu lililonse mwa awa limanena kuti pali mgwirizano. Migwirizanoyo ilipodi ndipo ili ndi mayina ake: Autodesk Authorized Training Center, Adobe Authorized Training Center, Cisco Networking Academy, malo ovomerezeka olembera mayeso a luso la kompyuta a ICDL. Ngati simunasainirane nawo, musalembe. Ngati munasainirana, lembani dzina lenileni la mgwirizanowo basi, ndipo ukatha chotsani tsiku lomwelo.

Pali kamsampha kena kamene kamakola anthu oona mtima. Mphunzitsi akakhoza mayeso a kampani, chiphasocho ndi chake iyeyo, osati cha sukulu. Mungalembe kuti wophunzitsa kosiyi ali ndi CCNA, satifiketi ya kampani ya Cisco, ngati ilidi ya moyo, pakuti ya Cisco imatha pakapita zaka 3. Koma izi sizisandutsa kosi yanu kukhala "Cisco Certified Course". Mphunzitsiyo akachoka, mawu onena za chiphaso chake achoke naye.

6. Satifiketi: apa ndiye pamagona nkhani

Malangizo ambiri amathera pa chikwangwani, koma chikwangwani chimafufutika. Satifiketi imakhala m'chikwama cha munthu zaka 20, imapangidwa fotokope, imalowa m'maofesi amene inu simudzapondamo. Ngati pali malo amene dzina la eni ake limavulaza munthu likagwiritsidwa ntchito molakwika, ndi pano.

Chimene chimasokoneza ndi chakuti pachichewa mapepala onse timangoti satifiketi, pamene alipo a mitundu 3. Loyamba ndi pepala limene sukulu yanu imapereka, lochitira umboni kuti munthu anaphunzira kwa inu n'kumaliza. Lachiwiri ndi limene mwini pulogalamu amapereka munthu akakhoza mayeso ake, m'Chingerezi amati certification. Mayeso a Microsoft Office Specialist amayendetsedwa ndi Certiport, a CCNA amalembedwa kudzera ku Pearson VUE, ndipo pepala lotere limatheka kulitsimikiza pa intaneti. Lachitatu ndi lodziwika ndi boma, limene kuno limadzera ku mabungwe ngati TEVETA. Inu muli ndi mphamvu yopereka loyamba lokha, pokhapokha mutavomerezedwa kuchita zinazo.

Chaka china mtsikana wina anabwera kwa ine misozi ili chuchuchu. Anali ataphunzira miyezi 3 pa sukulu ina, ndi ndalama zimene mayi ake anapeza atagulitsa mtedza. Anamupatsa pepala lokongola, logo ya Microsoft pamwamba, pakati palembedwa "Microsoft Certified". Pa intavyu anamufunsa nambala yotsimikizira chiphasocho. Iye sankadziwa kuti kuli nambala yotere. Olemba ntchito anamutenga ngati wakuba mapepala, pamene Excel ankaidziwa bwino kuposa anthu ambiri amene ndawaphunzitsa. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mwini sukuluyo mwina ankangofuna kuti pepala lioneke lolemera, koma amene ananyozeka ndi mwana wa eni.

Choncho konzani satifiketi yanu motere. Pamwamba pakhale dzina ndi chizindikiro cha sukulu yanu chokha. Mutu ukhale "Certificate of Completion" kapena "Certificate of Attendance", malinga ndi ngati munamuyesa wophunzirayo kapena anangofika m'kalasi. Chiganizo chachikulu chinene kuti wakutiwakuti wamaliza kosi ya maola akutiakuti, yophunzitsidwa ndi kuyesedwa ndi sukulu yanu. Dzina la pulogalamu lilowe m'chiganizocho ngati mutu wa phunziro, m'zilembo zofanana ndi zinzake. Liwu loti Certified lisayandikane ndi dzina la kampani paliponse. Pansi pakhale mzere wonena kuti pepalali si chiphaso cha mwini pulogalamu. Kuseri lembani zimene anaphunzira: ma formula, pivot table, VLOOKUP, ndi zina. Wolemba ntchito wanzeru amakhulupirira mndandanda wotere kuposa logo. Ikaninso nambala ya satifiketi ndi foni ya sukulu, ndipo sungani kaundula, kuti wofuna kutsimikiza akupezeni inuyo.

Mudzakumana ndi ophunzira amene adzachonderera kuti, "Aphunzitsi, tiikireniko ka logo, kuntchito amafuna zimenezo." Nthawi zina ndi kholo limene lalipira, ndipo limanena kuti sukulu ya kutsidya imaika. Apa pamafunika kulimba mtima, chifukwa mukhoza kutaya kasitomala. Ine ndimawakhazika pansi n'kuwaonetsa kusiyana kwa mapepala atatu aja, ndipo amene akufunadi la kampani ndimamuuza kumene mayeso ake amalembedwa ndi kuti amalipira payekha. Ambiri amamvetsa. Ochepa amapita, ndipo ndimawalola apite.

Kosi yokonzekeretsa anthu mayeso a kampani ndi yololedwa, ndipo mungaitche "Kukonzekera mayeso a CCNA" kapena "Kukonzekera mayeso a ICDL". Koma lembani pa fomu yolembetsera, osati kungonena pakamwa, kuti ndalama ya mayeso siili m'fizi, kuti mayesowo sakulembedwa kwa inu, ndiponso kuti chiphaso chidzachokera kwa eni ake munthu akakhoza. Kubisa zimenezi kumadutsa pa nkhani ya trademark n'kufika pa kunamiza ogula, kumene wophunzira angakadandaule ku Competition and Fair Trading Commission.

7. Lembani mawu odzipatula, pamalo ooneka

Ziganizo ziwiri zakwana: "Microsoft ndi Excel ndi zizindikiro za malonda za Microsoft. Sukulu Yakutiyakuti ndi yoima payokha, ndipo Microsoft sinavomereze kapena kuthandiza kosiyi." Ngati makasitomala anu amawerenga Chichewa, lembani m'Chichewa, ndi Chingerezi pambali. Ikani pafupi ndi mtengo wa kosi, pamene diso la aliyense limafika, osati m'tizilembo tonga nyerere kumapeto kwa pepala. Liwu loti "yoima payokha" lili ndi mphamvu: mu 1969 makaniko wina wa ku California anapambana mlandu ndi Volkswagen, mwa zina chifukwa ankalemba Independent pambali pa dzinalo ndipo sankagwiritsa ntchito chizindikiro chawo. Koma mawu odzipatula satsuka cholakwa chachikulu. Ngati logo ili pamwamba ndipo dzina la sukulu ndi lobwereka, kamzere kapansi sikakupulumutsani.

8. Za m'kati mwa kosi zili ndi lamulo lina

Trademark imateteza dzina. Mabuku, mavidiyo, zithunzi ndi pulogalamu yeniyeniyo zimatetezedwa ndi copyright, imene kuno ili pansi pa Copyright Act ya 2016. Ufulu wotchula dzina sukupatsani ufulu wopanga fotokope buku la eni ake n'kumaligulitsa ngati manotsi. Zithunzi za pa sikirini makampani ambiri amalola pophunzitsa, ndi malire: Microsoft, mwachitsanzo, salola kuzisintha kapena kujambula sikirini yotsegulira pulogalamu. Mafunso a mayeso obedwa, amene anthu amati ma dump, musawalowetse m'kalasi, chifukwa wophunzira akagwidwa amalandidwa chiphaso. Ndipo ngati makompyuta anu ali ndi mapulogalamu a crack, opanda laisensi, konzani zimenezo musanakweze chikwangwani chotchula eni ake. Funsani za laisensi za masukulu, kapena phunzitsani zaulere monga LibreOffice, QGIS ndi R pamene n'zotheka.

9. Kalata yodandaula ikafika

Choyamba tsimikizani kuti ndi yeniyeni. Akuba amatumiza mauthenga onamizira kuti tsamba lanu laphwanya trademark ndipo litsekedwa pakatha maola ochepa, cholinga chili choti mudine linki n'kupereka password. Onani adiresi imene yatumiza, ndipo lowani pa tsamba lanu mwa njira yanu ya masiku onse kuti muone ngati pali chidziwitso.

Ikakhala yeniyeni, musaiponye m'dirowa, komanso musayankhe mwaukali. Werengani chimene akudandaula. Kawirikawiri ndi logo, dzina la tsamba, kapena liwu loti Certified, ndipo izi mungazichotse tsiku limodzi. Jambulani zithunzi musanasinthe ndiponso mutasintha, kenako yankhani molemba, mwachidule, kunena zimene mwachotsa ndi tsiku lake. Ngati akufuna kuti musiyiretu kutchula pulogalamu imene mukuphunzitsadi, pamene mwatsata zonse zili pamwambazi, muli ndi poyankhira. Mu 2010 khoti la apilo la ku America linachotsa chiletso chimene Toyota inapeza pa banja lina lothandiza anthu kugula galimoto za Lexus, ponena kuti sangauze makasitomala ntchito yawo osatchula dzinalo. Ngati kosi yachotsedwa pa YouTube, Facebook kapena Udemy, gwiritsani ntchito njira yawo yochitira apilo, ndipo tumizani zithunzi zija pamodzi ndi chiganizo chanu chodzipatula.

Kalata ikamatchula ndalama, kapena ikabwera ndi pepala loti musaine kulonjeza kanthu, pitani nayo kwa loya wodziwa za trademark musanaike dzanja. Tengani fulaya, satifiketi imodzi yosalemba dzina, chikalata cha bizinesi, ndi mgwirizano uliwonse umene munasainirana ndi kampaniyo, kuphatikizapo laisensi ya pulogalamu, chifukwa nthawi zina malire a dzina amakhala atalembedwa m'menemo.